Funsani Tiyankhe: Buku ndi limodzi, ofuna kuliwerenga ndi 12

Mwezi uno talandira envulopu imodzi yochokera kwa Kamwendo, m'boma la Mchinji, muli makalata 7. Alemba ndi anthu a gulu limodzi la owerenga, ndipo onse akulimbirana buku limodzi: The War of the Worlds, la H. G. Wells wa ku England, limene linatuluka mu 1898. Ndi nthano yaitali yopeka ya sayansi, yosimba zolengedwa za ku pulaneti ya Mars zitatera pafupi ndi tauni ya Woking n'kuyamba kusakaza dziko. Oyankha ndi anzathu osamala mabuku mulaibulale pamodzi ndi aphunzitsi a mabuku a Chingerezi.

FUNSO: A Mkonzi, tilipo 12. Bukuli tinachita kusonkherana n'kukaligula kwa ogulitsa mabuku akale mumsewu ku Lilongwe. Amene anayamba kulitenga atha nalo miyezi iwiri, tikafunsa akuti sanamalize. Titani kuti aliyense alilawe popanda kudana? Ndine mlembi wa gulu.

YANKHO: A Mlembi, munalipereka osatchula tsiku lobweza, vuto linayambira pamenepo. Tsikulo muliwerengere kuchokera m'buku momwemo. Muli mitu 27: gawo loyamba 17, lachiwiri 10. Mawu onse ndi pafupifupi 60,000, ndiye kuti munthu wowerenga Chingerezi mofatsa amamaliza mutu umodzi m'mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono. Mitu iwiri patsiku ndi masiku 14. Kwa anthu 12 ndi masiku 168, kapena kuti masabata 24, ndipo womaliza pamzere adikira masiku 154. Adziwiretu zimenezi lero kuti asadzadandaule mawa.

Mndandanda wonse ulembedwe tsiku limodzi nonse mulipo, monga muchitira pa chipereganyu. Ana amene akukonzekera mayeso a MSCE aikeni kumapeto. Alimi musawapatse masabata opalira, obandira kapena osankha fodya, chifukwa munthu woweruka kumunda madzulo tulo timamugwira asanatembenuze tsamba lachiwiri. Nthawi yawo yabwino ndi Juni mpaka Seputembala, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza atafukula.

Lamulo limene ife tikuliika patsogolo pa onse ndi ili: buku lisachoke kwa wowerenga kupita kwa wowerenga mnzake, lizidzera kwa inu. Mabuku ambiri amasowera pamenepa. Wina amabwereka mlamu wake kuti angolionako masiku awiri, mlamuyo n'kukwera nalo minibasi ya ku Mwami, basi nkhani yathera pomwepo. Gulani kope mujambulemo mizere ya dzina, nambala ya foni, tsiku lotenga, tsiku lobweza, mmene buku lilili, ndi posainira. Pobweza, nonse awiri patulani masamba muone ngati manambala akutsatana, kuti chilema chizidziwika pamene chayambira. Dzina la gulu lilembeni ndi bolopeni mkati mwa chikuto, komanso m'mbali mwa masamba buku lili chotseka. M'mbalimo munthu sangafufutemo.

Amene sanamalize pa tsiku la 14 abweze ndithu. Lembani mutu umene wasiyira, abwerere kumapeto kwa mzere. Chikole chikhale ndalama yokwanira kusindikizira buku lonse papepala, yobwezedwa buku likabwera. Mwana wasukulu musamuumirize ndalama, kholo kapena mphunzitsi amusainire.

FUNSO: Masamba oyambirira akuthothoka ndipo msana wathyoka chapakati. Ndinamata ndi selotepi koma wayamba kumatuka. Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndiye ndikuopa kuti anzanga aziti ndawononga ndine. Ndine mayi wa pagolosale.

YANKHO: Mayi, mtima pansi. Mabuku ambiri a chikuto chofewa sasokedwa. Masamba ake ndi amodziamodzi, amangogwidwa ndi guluu wopakidwa kumsana, ndipo guluuyo akakalamba amauma n'kumasweka. Munthu akapindira chikuto kumbuyo kuti aligwire ndi dzanja limodzi, kapena akaligoneka chafufumimba lili chotsegula, msana umathyoka ndipo masamba oyandikana ndi pothyokapo amayamba kutuluka.

Selotepi ayi. Zomatira zake zimalowerera m'pepala n'kusiya banga lachikasu, pulasitikiyo n'kudzagwa yekha. Amene mwamata kale mumuchotse pokhapo pamene akumatuka yekha. Ngati akutenga zilembo, musiyeni. Supaguluu amauma gwa, pepala n'kuthyokera m'mbali mwake. Phala la ufa kapena la chinangwa limagwira, koma ndi ndiwo za mphemvu. Mufune guluu woyera wa matabwa, uja amagwiritsa ntchito akalipentala, pabotolo pamalembedwa PVA. Masupuni awiri akwana. Msungunuleni pang'ono, supuni imodzi ya madzi pa masupuni 5 a guluu, chifukwa wamatabwayu akachuluka amaumitsa msana.

Chotsani chikuto chonse mosamala, chisang'ambike. Palani guluu wakale ndi lezala mpaka m'mphepete mwa pepala muoneke, chifukwa guluu watsopano sagwira pamwamba pa wakale. Sanjani masamba potsata manambala, ndipo muwerenge kawiri, pakuti tsamba likamatidwa molakwika silichokanso. Agogodeni patebulo cha kumsana ndi cha kumutu kuti alingane. Apaneni pakati pa timatabwa tiwiri, msana utatulukira kunja masentimita atatu, mumange ndi malegeni mbali zonse ziwiri.

Tsopano pali kachinsinsi kamene ambiri sakadziwa. Musangopaka guluu pamwamba pa msana. Pendeketsani masamba otulukirawo mbali imodzi kuti ayalane ngati makadi, pakani guluu ndi mswachi wakale, kenako apendeketseni mbali inayo mupakenso. Mukatero guluu amalowa pang'ono pakati pa tsamba ndi tsamba, ndipo tsamba lililonse limagwirana ndi linzake. Aimikeni, afinyeni ndi zala kuchokera kumutu kukafika kumunsi, mupukute wotuluka. Yalani pamsanapo kansalu kopyapyala ka thonje, kotalika ngati msana koma kopitirira masentimita awiri mbali iliyonse. Ka nayiloni sikagwira guluu. Siyani tsiku lathunthu. Mawa lake matani chikuto kumsana ndi ku mapiko a kansalu kaja, lowetsani jumbo mkati mwa chikuto kutsogolo ndi kumbuyo kuti guluu asamate masamba, psinjani ndi njerwa ziwiri zouma zokulunga m'pepala, lidikirenso tsiku lina.

Ena amapita nalo kwa wosoka nsapato kuti aliboole n'kulisoka ndi ulusi. Limalimba ndithu, koma poyamba onani zinthu ziwiri. Mpata wopanda zilembo wa kumsana ukhale wosachepera sentimita imodzi ndi theka, apo ayi ulusi udya mawu. Chachiwiri, pindani kangodya ka tsamba lopanda zolemba uku ndi uku kanayi. Kakaduka ndiye kuti pepala lafumbutuka ndi ukalamba, ndipo singano ingoling'amba. Likapirira, mabowo 5 akwana, mamilimita 6 kuchokera m'mphepete.

Popeza msana wathyoka kale, muli ndi mwayi wina. Mungathe kulimanga mabuku awiri, lina mitu 17 ya gawo loyamba, lina mitu 10 ya gawo lachiwiri, lachiwirilo n'kulipangira chikuto cha katoni yopyapyala. Anthu awiri aziwerenga nthawi imodzi. Buku lamoyo lokha musaling'ambe chifukwa cha zimenezi.

FUNSO: Kodi tingalichite fotokope kapena kutumizirana pa WhatsApp? Wina akuti tikhoza kumangidwa. Ndine mnyamata wa kabaza.

YANKHO: Achimwene, pa buku ili simulakwa. Lamulo la Malawi la umwini wa zolemba, la chaka cha 2016, limateteza buku pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 chimwalirire. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA. Wells anamwalira mu 1946, kotero mawu ake ndi a aliyense tsopano, ngakhale kwawo ku Britain kumene amadikira zaka 70.

Chenjerani ndi zimene ena anawonjezeramo. Mawu oyamba olembedwa ndi katswiri wa masiku ano, zithunzi, mafunso a kumapeto, ndiponso mabuku aja ofupikitsidwa m'Chingerezi chophweka, zonsezi nthawi zambiri zili ndi eni ake. Musaganizenso kuti buku lililonse looneka lakale ndi lomasuka. Dune, mwachitsanzo, linatuluka mu 1965 koma mlembi wake Frank Herbert anamwalira mu 1986, ndiye likadali lotetezedwa. Lotero mungabwerekane, koma osalichulukitsa.

Fotokope ya buku lothyoka kale imaliwonjezera mabala, chifukwa amalikanikiza pagalasi tsamba lililonse. Njira yabwino ndi kulitenga pa intaneti ku Project Gutenberg, nkhokwe yaulere ya mabuku amene umwini wake unatha, imene inayamba mu 1971. Fayilo yopanda zithunzi sifika 1 MB. Pafoni sankhani mtundu wa fayilo wotchedwa EPUB, chifukwa zilembo zimakula n'kudzisanja molingana ndi sikirini, pamene PDF imafuna kukokera uku ndi uku. Atenge munthu mmodzi, enawo awagawire pa Bluetooth osawononga bandulo. Mukafuna kusindikiza, mawu 60,000 pa mawu 600 tsamba lililonse la A4 ndi masamba 100, kapena mapepala 50 mukasindikiza mbali zonse. Fayilo yomweyi ikuthandizani tsamba likatayika: lembani kapena sindikizani mawu osowawo, dulani pepala lilingane ndi anzake, mulimate ndi kamzere ka guluu ka mamilimita atatu kumsana.

Kwa agogo amene maso anafooka, kapena inu amene tsiku limathera pamsewu, nkhokwe ina ya pa intaneti yotchedwa LibriVox ili ndi bukuli lowerengedwa mokweza, laulere. Ndi maola oposa 6, pafupifupi 200 MB, ndiye likopereni pa memore khadi. Pomvera muziima kaye, osati muli pa chiwongolero.

FUNSO: Chingerezi chake n'chovuta, ndipo nditafika mutu 14 ndinasokonezeka, sindinadziwenso amene akusimbidwa. Anzanga awiri akuti alisiya. Ndingawathandize bwanji? Ndine mphunzitsi wa pulayimale.

YANKHO: Aphunzitsi, pa mutu 14 amapunthwapo ambiri. Wosimba nkhani, amene dzina lake silitchulidwa m'buku monse, amasiya kaye zake n'kuyamba kufotokoza zimene zinagwera mng'ono wake, wophunzira udokotala ku London. Mitu 14, 16 ndi 17 ndi ya mng'onoyo. Gawo lachiwiri likayamba timabwerera kwa mwini nkhani. Lembani zimenezi pa kapepala mukaike m'buku, mupulumutsa owerenga angapo.

Mutu woyamba ndiwo wolemera kuposa yonse, ziganizo zake n'zazitali ndipo mulibe zochitika. Muuwerengere pamodzi mokweza tsiku lokumana, wina akumasulira m'Chichewa ndime ndi ndime. Kuyambira mutu wachiwiri nkhani imayenda yokha. Mawu amene amabwerabwera si ambiri. Cylinder ndi chimgolo chachitsulo chimene a ku Mars anabweramo. Heat-Ray ndi cheza chotentha chimene chimayatsa chilichonse chimene chalozedwa. Curate ndi m'busa wothandizira pa tchalitchi cha Anglican, artilleryman ndi msilikali wa mizinga. Mayina ambirimbiri a midzi ya ku Surrey, dera limene kuli Woking, asakutayitseni nthawi. Chofunika n'chakuti nkhondo ikuchoka ku Woking kulowera ku London, ulendo wa makilomita pafupifupi 40. Musatsegule dikishonale pa liwu lililonse. Mawu atatu pa mutu akwana, ndipo alembedwe m'kakope koyenda ndi buku, osati m'bukumo. Wowerenga wachisanu adzapeza ntchito yambiri itagwiridwa kale.

Koma chimene chingawabweze anzanuwo si dikishonale. Auzeni chaka chimene bukuli linatuluka, n'kuwafunsa chimene chinkachitika kwanu kuno chaka chomwecho. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Britain, atanyamula mfuti za Maxim ndi mizinga, anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kutsidya kwa malire a lero, ku Zambia. Mikondo ndi zishango sizinaphule kanthu. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Boma lanu la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, dzina la msilikali wa nthawi imeneyo. Wells anatenga zoterezi n'kuzitembenuza: Angerezi ndiwo akuthawa ndi mitolo pamutu, mizinga yawo ikulephera pamaso pa makina a miyendo itatu otalika kuposa nyumba. Sitikungomuganizira ayi. M'mutu woyamba momwemo akuuza owerenga ake kuti asanaweruze a ku Mars akumbukire mmene Azungu anatherera anthu a ku Tasmania, chilumba cha kumwera kwa Australia. Pa ndime yomweyo akugwiritsa ntchito mawu onyoza mitundu ina, monga ankalankhulira Azungu ambiri a nthawi yake, ndipo gulu lanu lisalumphe pamenepo, likambirane. Mdzukulu wa kwa Mlonyeni kapena kwa Zulu ali ndi zonena pa bukuli zimene wowerenga wa ku London sangazione.

Pempho limodzi: amene mwamaliza musaulule mmene nkhondoyi ithera. Mathero ake ndiwo malipiro a munthu amene wapirira mitu 27.

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 2 ali pamndandanda. Kodi za anthu a ku Mars ndi zoona? Sizimusokoneza mutu? Ndine bambo wa mwanayo.

YANKHO: Bambo, ndi nthano, ndipo mlembi sanabise. Inamera pa maganizo a nthawi yake. Mu 1877 katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, Giovanni Schiaparelli, anaona ngati mizere pa Mars, ndipo Percival Lowell wa ku America anafalitsa zoti ndi ngalande zokumbidwa ndi zolengedwa zanzeru. Chombo cha Mariner 4 chitajambula Mars chapafupi mu 1965 chinaonetsa maenje ndi chipululu, ngalande kunalibe. Mpweya wake ndi wochepa kwambiri moti munthu sangapume, ndipo kumazizira koopsa. Makina ngati Curiosity, amene anatera mu 2012, akhala akufufuza, ndipo chamoyo sichinapezeke.

Mwana wa Fomu 2 angaliwerenge. Dziwani chabe kuti muli malo oopsa, monga pamene zolengedwazo zikudya magazi a anthu. Mufunseni azikusimbirani mutu uliwonse m'Chichewa madzulo. Mumufunsenso kuti apeze zimene Wells analota zisanachitike: utsi wakuda wa poizoni wa m'bukuli unalembedwa zaka 17 asilikali asanaphane ndi mpweya wa poizoni ku Ulaya mu 1915.

FUNSO: Mvula inandipeza panjira buku lili m'thumba, mbali ina yanyowa. Ndiliyanike padzuwa? Kwathu kulinso chiswe. Ndine mlimi wa soya.

YANKHO: Padzuwa ayi, pamoto ayi. Kutentha kumaumitsa kunja msanga mkati mukadali chinyezi, masamba n'kukwinyika, chikuto n'kupindika, guluu n'kusweka. Yambani lero lomwe, chifukwa nkhungu imamera pakangotha masiku awiri kapena atatu. Lowetsani mapepala oyera ouma pakati, limodzi pa masamba 20 alionse. Musachulutse, msana ungaphulike. Ligonekeni, ndipo muzisintha mapepalawo akanyowa. Masamba omatana musawakoke, dikirani ayambe kuuma muwalekanitse ndi mpeni wosathwa. Likasiya kudontha liimikeni chotsegula pang'ono pamthunzi podutsa mphepo. Likatsala pang'ono kuumiratu, pamene likungozizira mukaligwira, litsekeni mulipsinje ndi njerwa masiku awiri kuti liwongoke. Nkhungu ikamera, liumitseni kaye, kenako muisase ndi burashi yofewa panja, mphuno mutaphimba. Yaiwisi mukaipukuta imalowerera.

Jumbo ndi ya paulendo pokha. Buku la chinyezi likagona m'jumbo yomanga limavunda. Kunyumba lisakhale pansi kapena kutsamira khoma, pakuti chiswe chimadzera m'menemo ndipo usiku umodzi chikwanitsa kuboola mitu ingapo. Ndowa youma ya chivundikiro, yoikidwa pampando, imaletsa chiswe, mphemvu ndi makoswe. Musalisunge m'chipinda cha fetereza kapena cha mbewu, makoswe amakonda kumeneko. Chikuto chikutireni ndi pepala lolimba la kalendala yakale, selotepi agwire pepalalo lokha osakhudza buku.

FUNSO: Tonse tikamaliza, bukuli likhale kwa yani? Ena akuti tichite mayere, ena akuti tiligulitse. Ndine msungichuma wa gulu.

YANKHO: A Msungichuma, mukaligulitsa simupeza ndalama yogulira lina, pakuti buku lomatidwa ogula amalinyoza mtengo. Wopambana mayere akaliika m'sutikesi. Ife tikuti lisinthanitseni. Funsani magulu a ku Kapiri, ku Mkanda kapena paboma ngati ali ndi buku limene alimaliza. Ngati gulu lakonda Wells, The Time Machine la 1895 ndi lalifupi, pafupifupi theka la ili, ndipo sabata imodzi pa munthu ikwana.

Mukasowa osinthana nawo, liperekeni ku laibulale ya sukulu, koma poyamba kaoneni ngati ana amaloledwa kubwereka. Sukulu zina mabuku zimangowatsekera m'kabati kuopa kusowa. Kwa anansi anu ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anabwereka buku lotchedwa Using Energy m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, ndipo chithunzi cha pachikuto pake ndicho chinamuyambitsa kupanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Kalaibulale kameneko kankabwereketsa ngakhale kwa mwana amene sanali m'kalasi. Funsani aphunzitsi aakulu funso lomwelo musanasiye buku lanu, ndipo muone likulembedwa m'kaundula wawo inu mulipo.

Kulikonse kumene lipite, lisapite lokha. Mulitumize ndi kakope ka mawu ovuta, kapepala kofotokoza za mitu 14, 16 ndi 17, fayilo ya pafoni yobwezeretsera masamba otayika, ndi guluu wotsala m'kabotolo kotseka bwino. Mkati mwa chikuto chakumbuyo matanimo pepala la mayina a inu 12 ndi masiku amene munaliwerenga, pansi pake musiye mizere yopanda kanthu.